Zikomo kwa a ofesi yoona za ogwira ntchito pachipatala chathu

Okondedwa akuluakulu,

Ndine namwino wa ku wodi ya ana. Ndikulemba kalatayi nditagona tulo tabwino sabata yathunthu, zomwe ndinali nditaiwala kuyambira nthawi ya kolera ndi namondwe wa Freddy mu 2023.

Ndinabwera kwa inu ndikuyembekezera kubwezedwa, poti ndinazolowera. Chaka chatha nditapita ku ofesi ina kukanena kuti ndatopa mpaka mutu sukugwira, anandiuza kuti bwana ali kumsonkhano kunyanja, ndibwere Lolemba. Lolemba mafomu anali atatha. Ulendo wachitatu wina anandiyankha maso ali pafoni: "Limbani mtima sisita, ntchitoyi munaisankha nokha." Ndinakalirira m'chipinda chosungira mankhwala, n'kusamba kumaso, n'kubwerera kukabaya ana jakisoni. Ndinali nditayamba kukalipira amayi odwazika matenda popanda chifukwa, ine amene kale ndinkawaimbira ana awo nyimbo.

Koma mayi aja amene amakhala pafupi ndi khomo la ofesi yanu! Anangoona maso anga n'kudziwa kuti ndikuchokera ku naiti. Anandipatsa mpando wawo womwe, iwo n'kukhala pabenchi. Anathira tiyi wa m'fulasiki yawo, n'kunyema mbatata yawo pakati. Foni italira anaitembenuza chafufumimba. Kenako anati, "Mwana wanga, tulo munagona liti komaliza?" Ndinalephera kuyankha. Sanandifulumize, anangondikankhira kapu ija pafupi. Nditatsiriza kumwa sanandilozere njira ndi mlomo monga achitira ena, anandiperekeza okha mpaka pakhomo pa alangizi, n'kugogoda okha.

Za mapepala zinayenda mosavuta. Ndinapatsidwa masiku opuma, ndimaonana ndi alangizi, ndipo Lachinayi timakumana anamwino angapo kukambirana zotilemera mumtima. Enafe tinkaopa kuti tikangotsegula pakamwa anthu azinong'ona kuti "uyu ngwa ku Zomba." Mpaka lero palibe mawu anga amene ndawamva m'khonde.

Amene amakonda misonkhano ya kunyanja aja akabwerako, muwapemphe adzakhale m'mawa umodzi pabenchi lija. Ndipo mayiwo muwauze kuti mbatata yawo ndidzabweza, ya kwathu ikakhwima.

Ine wanu,
Namwino wa ku wodi ya ana