Lipoti la msonkhano wokhudza atsikana ochedwa kutha msinkhu

Amayi apampando ndi amayi anzanga nonse,

Ndabwerako ku msonkhano womwe munandituma muno mu Mzuzu, kumene madokotala ndi anamwino ankafotokoza zimene zimachititsa kuti atsikana ena akule osagwa m'dothi. Muyezo wawo ndi wakuti mtsikana akakwanitsa zaka 15 asanasambepo, kapena zaka 13 mawere asanayambe kutuluka, makolo apite naye kuchipatala, osamangoti nthawi yake ikwana.

Nthawi yambiri inathera pa matumba a mazira, popeza ndiwo amapanga homoni ya estrogen, yomwe imakulitsa mawere ndi kukonza chiberekero. Matumbawo akapanda kukula, ubongo umangowatumizirabe homoni ya FSH yowadzutsa, ndipo magazi akayezedwa homoniyo imapezeka yokwera kwambiri. Apo dokotala amadziwa kuti vuto lili m'matumbamo.

Matenda amene amapezeka kawirikawiri ndi Turner syndrome, omwe anatenga dzina la dokotala wa ku America, Henry Turner, amene anawafotokoza mu 1938. Makromozomu ndi tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi tonyamula zimene mwana amatengera kwa makolo; pa matendawa mwana wamkazi amabadwa ndi kromozomu X imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo zimagwera mmodzi mwa ana aakazi pafupifupi 2,500. Atatiwonetsa chithunzi cha mtsikana wamfupi kuposa anzake onse, wa khosi lotambalala m'mbali, mtima unandipweteka, chifukwa mwana wotere ife timangoti anatengera agogo ake, pomwe amafunika kuunikidwa mtima ndi impso.

Anatchulanso Swyer syndrome, yomwe mtsikana amakhala ndi chiberekero koma makromozomu ake ndi XY ngati a mwana wamwamuna, ndipo matumba osakulawo amachotsedwa poopa khansa. Mankhwala a khansa amene mwana analandira ali wamng'ono nawonso amatha kuwononga mazira.

Thandizo lake ndi estrogen, kenako homoni ina ya progesterone, kuti thupi likule, mafupa alimbe, msambo uyambe. Mayi wina atafunsa za kubereka, dokotala sanabise kuti ambiri satenga pakati ndi mazira awo, ndipo m'chipindamo munangoti zii.

Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira tiitane alangizi ndi anankungwi, chifukwa ndiwo amayamba kumva nkhanizi makolo asanaganize zopita kwa sing'anga, ndipo tigwirizane amene aziperekeza mabanja otere ku Mzuzu Central Hospital mwachinsinsi, dzina la mwana lisamveke kumpopi.