Za ulendo wa Ababa ndi Amayi pa sitima ya MSC

Durban, South Africa

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Malindi kumeneko. Kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda, ndipo gogo amene ndimawasamalira aja chifuwa chinawasiya. Ndalama ya feteleza ndinatumiza kudzera kwa achemwali a ku Ndirande, muwafunse ngati sanakuimbireni.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, koma nkhaniyi si yoyankha ndi mawu awiri atatu, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Mukuti ana tonse tisonkhe kuti chaka chamawa, pamene Ababa ndi Amayi akukwanitsa zaka 50 ali m'banja, tidzawakweze sitima ya MSC imene munaiona pa zithunzi zanga zija. Maganizowo ndi abwino, ndipo gawo langa ndidzapereka ndi mtima wonse. Koma mwafunsa ngati sitimazi n'zoyenera anthu achikulire, ndiye ndikuyankhani monga munthu amene ndinakankha gogo pa njinga ya olumala m'kati mwakemo. Sitimayo payokha imawasunga bwino okalamba. Koma ulendo waufupi wa ku Portuguese Island umene mukuunenawo, ine sindikuwafunira Ababa ndi maondo awo aja.

Kampaniyi ndi ya banja la a Aponte, anthu a ku Italy, ngakhale likulu lake lili ku Geneva. Ndi eni ake omwe a makontena olembedwa MSC amene mumawaona pa mathiraki. Sitima zawo zoyendetsa alendo zimabwera kuno cha mu November n'kubwerera ku Ulaya cha mu March kapena April, ndipo si chaka chilichonse imabwera imodzimodziyo. Ife tinakwera MSC Musica, pa doko latsopano la kuno lotchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 294, imanyamula alendo oposa 2,500, ogwira ntchito pafupifupi 1,000. Ilala yathu, imene Ababa amainyadira chifukwa cha maulendo awo a ku Likoma, ndi ya mamita 52 basi. Mundandalike ma Ilala asanu, simunafikebe kumapeto kwake.

Kukula kumeneku n'kumene kumapusitsa. Munthu amaganiza kuti pa sitima ndi pongokhala, chonsecho tsiku lonse ndi kuyenda. Chipinda chathu chinali chakutsogolo, malo odyera ali kumbuyo kwenikweni ndiponso pamwamba. Mukatuluka m'chipinda mumalowa m'kanjira kopapatiza, zitseko mbali zonse zofanana ngati chimodzi, kutsogolo osaona pothera. M'mawa anyamata okonza m'zipinda amaimika tingolo tawo ta mabulangete ndi matawulo m'kanjira komweko, ndipo ine ndi njinga ya gogo ndinkachita kuima kuti atisunthire. Zikepe zilipo zambiri, palibe chifukwa choti nkhalamba ikwere masitepe, koma nthawi ya chakudya kapena anthu akamatuluka koonera zisudzo mumadikira chikepe chikubwera chodzaza, china chodzazanso. Ababa, amene kuchoka kunyumba kufika ku tchalitchi amapuma kawiri, mtunda umenewo katatu patsiku ungawathetse mphamvu. Mankhwala ake alipo: pogula tikiti munthu asankhe chipinda chapakatikati pa sitima, pafupi ndi zikepe, osati m'mwamba kwambiri. Pakatipo m'pamenenso sipagwedezeka kwambiri.

M'chipinda wamba bafa ndi laling'ono, ndipo polowa pali kachiunda kofunika kukweza phazi. Usiku munthu wa tulo akhoza kupunthwa pamenepo. Zipinda zokonzera anthu ovutika kuyenda zilipo, za khomo lotakata, bafa lopanda chiunda, zogwirira m'khoma ndi kampando kosambirapo, koma ndi zochepa ndipo zimatha msanga. Pali fomu imene amati munthu alembe nthawi yogula tikiti, kufotokoza za matenda ndi zakudya zimene sadya. Abwana anga analemba miyezi ingapo ulendo usanafike, n'chifukwa chake zinatiyendera.

Zokoma nazo ndisabise. Gogo wanga ali ndi zaka zoposa 80, ndipo chiyambire kuwasamalira sindinawaonepo akusangalala chotero. Munthu amamasula chikwama kamodzi kokha, bedi akuyalira, chakudya akuphikira, ndipo m'mawa akadzuka apeza ali dziko lina. Anyamata operekera zakudya, ambiri a ku Indonesia, Philippines ndi kuno ku South Africa, amadziwa kulemekeza imvi. Mmodzi ankachotseratu mpando pa tebulo lathu madzulo alionse kuti njinga ilowe bwino, tisanapemphe n'komwe. Amayi, amene moyo wawo wonse akhala akuphikira anthu, kukhala pansi wina n'kuwabweretsera mbale, ndikudziwa adzachita manyazi tsiku loyamba, koma ndikufunitsitsa atazionako zimenezo.

Chakudya n'chambiri kuposa mimba ya munthu, koma chambiri n'chachizungu, makamaka cha ku Italy, pizza ndi pasta. Mpunga, nkhuku, nsomba, ndiwo zamasamba ndi zipatso sizisowa, choncho njala sangagone nayo, kungoti asayembekezere nsima ya mgaiwa ndi chambo chootcha. Nkhawa yanga ili pa shuga wa Amayi, chifukwa makeke ali ponseponse ndipo palibe amene amakuletsa. Malo odzitengera wekha chakudya amadzaza kwambiri m'mawa, munthu mbale m'manja ukusakasaka pokhala. Kwa achikulire bola kumalo odyera okhala pansi, ndipo madzulo asankhe gulu loyamba kudya, chifukwa lachiwiri limayamba nthawi imene Ababa amakhala atagona kale.

Tsopano za chilumbacho, pamene pagona nkhani yanga. Portuguese Island ndi kachilumba ka mchenga kopanda mudzi, pafupi ndi Inhaca, polowera ku Maputo. Palibe doko. Sitima imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Ku Pomene, m'chigawo cha Inhambane, kumenenso sitimazi zimapita, n'chimodzimodzi. Ababa akukumbukira mmene zinkakhalira masiku aja Ilala ikafika ku Likoma kapena ku Nkhotakota, anthu kutsikira m'boti katundu ali kumutu. Kuno n'kwadongosolo kuposa pamenepo, pali anyamata amphamvu okugwira mkono uku ndi uku, koma nyanja ndi nyanja. Ndinaima pakhomo potsikirapo n'kuyang'ana: boti likukwera, likutsika, nthawi zina kutalikirana ndi sitima pang'ono n'kubwereranso, ndipo munthu uyenera kuponya phazi pa nthawi yake yeniyeni anyamatawo akati tiyeni. Bondo limene limakana kupinda silidikira nthawi yoteroyo. Mukafika kutsidya ndi mchenga wotitimira ndi dzuwa loswa mtengo. Gogo wanga sanatsike, ndipo abwana anadziwiratu kuti sadzatsika. Tinatsala m'sitima, ndipo tsiku limenelo ndi limene linawakomera koposa, chifukwa anthu onse anali kumtunda, zikepe zopanda mzere, mipando ya pamthunzi yosankha. Koma inu taganizani, ndalama zonsezo, mtunda wonsewo, kuti Ababa akaone mchenga ali patali, munthu amene akatuluka m'nyumba m'mawa amaponda mchenga wa nyanja yake.

Dziwaninso kuti mafunde akakula, woyendetsa sitima amalamula kuti pasatsike munthu aliyense, ndipo amatero pofuna kuteteza miyoyo. Miyezi ya sitimazi ndi yomweyonso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Simunaiwale Freddy, amene anatipweteka mu March 2023, anadzera komweko. Kukakhala namondwe amasintha njira. Sitima yaikulu ili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zochepetsa kupendama, komabe usiku wina tinamva mahang'ala akugundana m'kabati mpaka m'bandakucha. Ababa zimenezo sizingawaopse, anakula ndi mwera. Amayi ndi amene amachita chizungulire ngakhale pa minibasi yokwera mapiri a ku Namwera, choncho mapilitsi oletsa nseru afunsiretu kuchipatala ngati akugwirizana ndi mankhwala awo ena.

China ndi phokoso. Maulendo afupiafupi ochokera ku Durban, a masiku atatu kapena anayi, makamaka okhudza Loweruka ndi Lamulungu, anthu akuno amawatenga ngati phwando. Pamwamba pamene pali madamu osambira nyimbo zimayamba m'mawa, mowa ukuyenda, achinyamata akuvina atavala zosambira zokhazokha. Sindikuwanena, ndalama ndi zawo ndipo akupuma ku ntchito. Koma mukuwadziwa Ababa ndi ukulu wawo wa mumpingo. Adzakhala tsinya lili pamphumi, Amayi akuyang'ana pansi. Mu December, sukulu zikatsekera, ana amadzaza chifukwa salipira zambiri akagona chipinda chimodzi ndi makolo. Malo abata alipo, m'zipinda zochezera zam'kati ndi m'khonde la m'mbali moyang'ana nyanja, koma ofunika wina wowadziwa akulondolereni. Maulendo ataliatali, monga wopita ku Mauritius, ndi amene amakhala ndi achikulire ambiri ndi bata, ndipo ku Port Louis sitima imakocheza padoko, munthu n'kutsika ndi mapazi ake. Mtengo wake ndiwo sitingaufike. Wochokera ku Cape Town kupita ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia, nawonso sitima imakocheza padoko popanda za maboti. Umenewo ndi umene ndingauvomereze, ngakhale Cape Town ili kutali kuposa Durban.

Za ndalama muwerengere bwino. Mtengo umene mumauona pa intaneti si wonse. Pamwamba pake pamabwera ndalama za padoko, za inshuwalansi ndi za ogwira ntchito. M'sitimamo zinthu amawerengera m'madola a ku America, ndipo sagwira ndalama m'manja, aliyense amapatsidwa kakhadi kamene ndi kiyi wa chipinda komanso kogulira. Madzi, tiyi ndi khofi za pamalo odzitengera chakudya n'zaulere, koma Fanta yomwe ndi yogula. Munthu wosazolowera amangopereka kakhadiko osamva kuwawa, n'kudzadzidzimuka tsiku lomaliza. Chipatala chilimo, dokotala ndi manesi, koma n'cholipira, ndipo matenda akakula amamutsitsa munthu pa doko lapafupi, m'dziko la eni. Chakudza sichiimba ng'oma, Achimwene. Inshuwalansi tiifunse bwinobwino ngati ikulandira anthu a zaka zawo, ochokera ku Malawi, amene ali kale ndi BP ndi shuga. Mankhwala awo atenge opitirira masiku a ulendo, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi mabuku awo akuchipatala, ndipo akhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa masutikesi amakupeza m'chipinda patapita maola.

Sitima isananyamuke aliyense amayenera kuphunzira za ngozi, kudziwa malo ake osonkhanira ndi kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Chizindikiro chake ndi kulira kwa belu kasanu ndi kawiri mwachidule, kenako kamodzi motalika. Zonsezi amalengeza m'Chingerezi. Ababa amamva, koma khutu lakumanzere lija linayamba kugontha, ndipo Amayi Chingerezi chawo n'cha moni. Ichi chokha chikukwanira kuti ndinene kuti awiriwa asakwere okha. Pafunika tikiti yachitatu, ndipo ngati abwana angandipatse tchuthi, ine ndine amene ndikudziwa makomo ake.

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwambiri si sitima, ndi msewu. Kuchoka ku Malindi, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Blantyre, pamenepo munthu wamkulu watopa kale. Basi ya ku Joni imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, usana ndi usiku n'kupitirira, ndipo pachipata chilichonse muyenera kutsika n'kuima pamzere. Ine wa mphamvu zanga ndimafika miyendo itatupa. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Durban patsalanso makilomita oposa 550. Ababa pa basi imeneyo ayi, ndakana. Ngati tikuchita, tichite ndi ndege kuchokera ku Chileka, ndipo afike kudakali masiku awiri kapena atatu kuti apume, chifukwa sitima sidikira munthu. Ndalama ya ndege ikatikanika, ulendowu tiuleke, m'malo mwake tiwachitire phwando kwathu konko ndi kumaliza kukhoma malata a nyumba ija. Mapasipoti awonso muwaone lero lomwe. Amafuna kuti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala pambuyo pa ulendo, ndipo ya Amayi ndikukayika ngati sinathe.

Musanauze achemwali ndi mng'ono wathu kuti ayambe kusonkha, mukhale nawo pansi eni akewo. Musawafunse pamodzi, chifukwa Amayi adzangovomera zimene Ababa anene. Alamu awafunse Amayi paokha kukhitchini, inu mucheze ndi Ababa. Muwauze zonse, za maboti, za phokoso, za mtunda wa m'sitima, osabisa. Mupitenso nawo ku St Martin's akawayeze, dokotala anene ngati mtima wa Ababa ungalole ndege. Akavomera onse awiri, mundiuze mwezi uno usanathe kuti ndiyambe kufunsa za chipinda chapakati pa ulendo wa ku Walvis Bay, cha pakati pa sabata ndipo sukulu zitatsegulira.

Mupereke moni kwa Ababa ndi Amayi, kwa amalume a ku Mpondasi, ndi kwa onse a kwaya. Nsapato za ana ndagula kale, ndikudikira munthu wodalirika wobwera kumeneko. Munditumizire saizi ya Amayi, ndikufuna kuwagulira zofewa zosaterera.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Durban