Lipoti la ulendo wa ku Essen: za mabokosi a bawo wathu

A Wapampando ndi mamembala nonse, munandituma ku chionetsero cha masewera a pathebulo cha Spiel mumzinda wa Essen ku Germany, chomwe chinayamba mu 1983 ndipo chimachitika mu October. Munati ndikafufuze za bokosi loikamo bawo amene tikufuna kumagulitsa kunja. Nthawi yanga yambiri ndinathera kwa opanga mabokosi, ndipo zomwe ndaphunzira ndi izi.

Bokosi lolimba limapangidwa ndi zinthu ziwiri. Mkati muli katoni yotuwa yochokera ku mapepala akale amene anagayidwa ndi kupsinjidwa. Makina amaidula, amaika mizere popindira, kenaka mbali zinayi zimaimitsidwa ndipo makona amamatidwa ndi tepi. Pamwamba pake amakutira pepala losindikizidwa zithunzi, lomatidwa ndi guluu, n'kulipindira mkati. Pepalali nthawi zambiri amalipaka kapulasitiki kopyapyala kuti lisakandike. Chivindikiro chimapangidwa chimodzimodzi, koma chokulirapo pang'ono.

Kunja onse amaoneka okongola. Kusiyana kuli pa katoni yotuwayo, imene wogula saiona. Ambiri amagwiritsa ntchito ya mamilimita 1.5 kapena 2. Kusiyana kwa theka la milimita kumamveka kochepa, koma nditagwira zitsanzo zonse ziwiri, yopyapyalayo inagonja nditangoitsindika ndi chala pakati, pomwe inayo sinasunthe. Kukhuthala kokha sikokwanira: pali katoni yokhuthala koma yofewa chifukwa sinapsinjidwe bwino. Yotereyi imapepuka m'manja, ndipo makona ake ndiwo amayamba kung'ambika.

Chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya chinyezi. Katoni imamwa madzi a mumpweya. Guluu akapanda kuuma bwino ku fakitale, kapena katundu akakhala masabata angapo mu kontena panyanja kuchokera ku China, kumene mabokosi ambiri amapangidwa, chivindikiro chimafika chitapindika. Ife tiganizirenso za dzinja lathu, kuyambira November mpaka April, ndi momwe chipinda chathu chosungira katundu chimanyowera.

Kukula kwa bokosi nakonso n'kofunika. Lalikulu koma lopanda kanthu pakati limabonyoka ena akasanjikidwa pamwamba, ndipo zamkati zikamagubuduka zimaboola makona. Masewera ambiri amene ndinaona ndi a makadi ndi tizidutswa topepuka. Bawo wathu ndi thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64, katundu wolemera ndithu. Bokosi lokwanira masewera a makadi silingamunyamule.

Maganizo anga, A Wapampando, ndi akuti tisatsike pa mamilimita 2, ndipo tifunse mtengo wa katoni yokhuthala kuposa pamenepo. Bokosi likhale lothina bwino pa thabwalo, chivindikiro chifike mpaka pansi kuti mbali zikhale ziwiriziwiri, ndipo nkhomo zikhale m'kathumba ka nsalu. Ndikudziwa kuti ena mwa ife tikufuna kuchepetsa ndalama, koma tichepetse pa zokongoletsa zonyezimira, osati pa katoni.

Mafakitale akuluakulu salandira oda yaing'ono, choncho tikambirane chiwerengero tisanalembere aliyense. Amathanso kutumiza bokosi loyera lachitsanzo, losasindikizidwa, tisanalipire oda yonse. Ndabwera ndi zidutswa za katoni zosiyanasiyana. Pa msonkhano wotsatira aliyense adzazigwire yekha, ndipo amene ali ndi sikelo abwere nayo tidzayeze kulemera kwa bawo mmodzi.