Mwanawe, nyumba ya ku Machinjiri isalowe mu loni imeneyi

Mwana wanga,

Ndikhulupilira muli bwino konko ndi apongozi anga komanso tiana. Kuno tilipo, mwendo wa mayi ako ukusinthako pang'onopang'ono.

Nkhani ndamva kwa mlongo wako, usamukalipile ayi, wachita bwino kundiuza poti iweyo unangoti zii. Akuti ukufuna kusiya ntchito, utenge loni ku banki ugule makina oyengera mafuta ophikira iwe ndi mzako uja, nde chikole chake akuti ndi nyumba ya ku Machinjiri. Zoona zimenezi? Chimvereni tulo sindikupeza, mayi akonso angokhala duu.

Ndisaname, mtima wofuna kupanga chinthu ndi manja ako wandisangalatsa, ndi magazi anga amenewo. Dziko silingatukuke ndi kuoda ndi kugulitsa basi, aliyense hawker, aliyense wa kaunjika. Koma iwe za fakitale ukuzidziwira pa foni, ine ndinakalambira momwemo, nde tandimvera.

Unali wamng'ono koma mwina ukukumbuka m'mawa ku Ndirande anthu ali nyomi kutsetsereka kupita ku Makata, maovolosi okhaokha, sayirini ikulira. Nsalu za chitenje ankaomba pompano ku David Whitehead ndi thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Sopo ku Lever Brothers ku Limbe, nsapato zako za ku pulayimale zinali za Bata, wailesi ndi mabatire a Nzeru, nanazi wa m'zitini ku Mulanje. Owerengera chuma amati cha m'ma 1990 mafakitale ankabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a chuma cha dziko lino, lero zikungozungulira cha pa 10 pa 100 paliponse pomwe anthu tachuluka kuposa kawiri. Ukuona ngati onse anatseka aja anali opusa kapena aulesi? Anali ndi mainjiniya, maakauntanti, ndalama zoti iwe sunazigwirepo, koma anagwa.

Sizinagwe tsiku limodzi, zinkadyeka pang'onopang'ono ife tikuona. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji ya ku Beira ndi Nacala m'ma 1980 katundu ankazungulira mpaka Durban, mtengo wa chilichonse kukwera. Kenako a IMF ndi World Bank anati tsegulani zipata katundu wakunja alowe, boma lichoke mu bizinesi. Mu 1994 kwacha anaisiya kuti iziyenda yokha, inagwa koopsa, ife zipangizo zonse tinkaitanitsa kunja nde tangoganiza. Kaunjika anadzaza m'misika, ndani akanagulanso malaya osokedwa kuno? David Whitehead yomwe ija anaigulitsa mu 2003 kwa a Mapeto. Ku fakitale kwathu kuja anayamba ndi kuchotsa shifiti ya usiku, kenako ovataimu, kenako tinangopeza maina pa bolodi. Mayi ako anayamba mandasi chaka chimenecho, iwe unkanyamula beseni usanapite ku sukulu, manyazi unalibe mwana iwe, ndimakunyadira mpaka lero. Koma chimene chinatisunga ndi chakuti tinali ndi pogona pathupathu. Anzanga a lendi anabwerera kumudzi ndi mphasa, ena ana awo sukulu inathera pomwepo.

Nde nyumba ija ayi. Ndabwereza, nyumba ayi.

Mzakoyo wakuuza za phindu, wakuuzanso za magetsi? Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, mdima chaka chathunthu ndi miyezi. Makina ako akaima antchito umawalipirabe, banki nayo siimva zoti kunali blakauti. Uziti jenereta, dizilo wake uti, wogonera pa filling station uja? Sipeya ikathyoka pamafunika madola, ku banki akuuza dikirani, pa bulaki mtengo wake ndi wina. Mu May 2022 kwacha anaitsitsa ndi 25 peresenti, November 2023 anaitsitsanso ndi 44 peresenti, amene anali ataoda makina osamaliza kulipira anadzuka ngongole itafufuma usiku umodzi. Intelesiti ya ku banki mu 2024 inkafika cha m'ma 30 pa 100, bizinesi yanji yoyamba kumene imene ingabweze zimenezo?

Komanso soya ndi mpendadzuwa sudzagula wekha kumsika. Pali makampani akuluakulu oyenga mafuta amene amasesa nthawi yokolola ndi ndalama m'manja, pali mavenda otumiza kunja, iwe udzafika mtengo utakwera kale ndipo makina amafuna chakudya miyezi 12 osati miyezi itatu ya kukolola yokha. Uli ndi ndalama yogulira mbewu ya chaka chonse nkusunga? Nkhokwe yake ili kuti? A Malawi Bureau of Standards nawo adzafuna aone malo ndi mafutawo usanalowetse mu shopu. Amene apirira m'dziko muno taona ndi ndani, a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa poti nzimbe zambiri amalima okha, a simenti poti mwala uli pompano, a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje. Onsewo zipangizo zawo zili pakhomo ndipo matumba awo ndi akuya.

Za mzakoyo ndisachulutse, koma iye waikapo chani? Ndamva kuti iye akubweretsa "nzeru ndi makonekishoni", iwe nyumba. Si yemwe uja anakusiya ndi ngongole ya minibasi? Zikavuta iye adzangozimitsa foni, ma sherifi adzabwera pakhomo pako, adzukulu anga ndi amene adzaone katundu akutulutsidwa panja. Wandikhumudwitsa kuti nkhani yaikulu chonchi unakambirana ndi munthu wapanjira ife makolo ako osatiuza. Apongozi anga avomera ndi mtima wonse kapena angokuopa? Uwafunse bwinobwino, nyumbayo njawonso, anasenza nawo njerwa.

Sindikuti usiye maloto ako. Boma likuti pofika 2063 tidzakhale dziko la mafakitale, ine ndimafunitsitsa zitatheka olo sindidzaziona, ndipo ndingakondwe mwana wanga atakhala mmodzi mwa oyambitsa. Koma yamba ndi kamakina kakang'ono kogula ndi ndalama zako zosunga, ntchito usasiye, uone kaye chaka chimodzi kuti malita angati akutuluka, akugula ndani, chikutsala nchani ukachotsa magetsi, mabotolo ndi transipoti. Zotsalira za soya ukayenga mafuta oweta nkhuku amagula, uwerengerenso zimenezo. Ng'ombe ziwiri zija ndikhoza kugulitsa imodzi ndikuthandize, imeneyo ikatayika tidzalira nkuiwala. Nyumba ayi mwanawe.

Usasaine kalikonse ku banki. Ubwere kumapeto a mwezi uno ndi mapepala onse, makoteshoni a makinawo ndi pepala la mgwirizano wanu ngati lilipo, tikhale pansi ndi amalume ako tiwerengere limodzi. Ubwere ndi apongozi, mzakoyo umusiye. Mayi ako akuti uwagulireko mankhwala opaka aja, ndipo mpunga wa ana wausunga.

Ndine bambo ako.