Kalata kwa Nduna ya Zachilengedwe: tidziyeze ndi Rwanda ndi Niger, osati America yekha

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni wanga waulemu. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake ndi ya Amalawi tonse. Ndikudziwa kuti zambiri zimene nditchule munazipeza zili choncho pamene munkalowa mu ofesiyo, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Lero mpando uli ndi inu, ndiye mafunso afika pakhomo panu.

Chaka ndi chaka nthumwi zathu zikapita ku msonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo, uja wa COP, zimanyamula uthenga umodzi: Malawi sindiye anawononga nyengo, koma ndiye akulipira. Uthengawu ndi woona ndipo ine ndili nawo kumbuyo. Mmalawi amatulutsa mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi matani 0.1 pa chaka, pomwe munthu wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14, wa ku South Africa oposa 6. Mpweya umene ife timatulutsa chaka chathunthu, mnzathu wa ku America amaumaliza sabata isanathe. Koma namondwe Ana atabwera mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Freddy atabwera mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa mpaka lero. Tili ndi ufulu wonse woima pamaso pa mayiko olemera n'kuwauza kuti abweze zimene anawononga, ndipo pamene Malawi anatenga utsogoleri wa gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambiranazi mu 2024, ndinaona kuti ndi ulemu wotiyenera.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti uthenga woonawu tayamba kuufunda ngati chobisaliramo. Tikafunsidwa kuti chilengedwe chathu tachisamala bwanji, timayankha ndi matani a America. Nazonso ndandanda zoika mayiko pa mzere potengera mmene amasamalira chilengedwe sizitithandiza kwenikweni. Ya mayunivesite a Yale ndi Columbia, yomwe imayeza mayiko 180, inaika Denmark patsogolo mu 2022 ndi Estonia mu 2024. Mayiko olemera amakhala pamwamba chifukwa ali ndi ndalama zoyeretsera madzi ndi kutolera zinyalala, ndipo utsi wa mafakitale opanga katundu amene amagula umalembedwa pa dzina la mayiko ena. Tikaikidwa pansi timati muyezowo ndi wokondera, ndipo mwina n'zoona. Nanga muyezo wotiyenera ndi uti? Mlimi wa ekala imodzi sayerekeza nkhokwe yake ndi ya mwini esiteti. Amayerekeza ndi ya mnzake wa m'malire, amene analandira mvula yomweyo ndipo analibenso feteleza. Anzathu a m'malire pa nkhaniyi ndi mayiko ngati Rwanda ndi Niger, ndipo tikaima pambali pawo, a Nduna, mutu umagwa.

Ndiyambe ndi majumbo. Rwanda analetsa mapepala apulasitiki mu 2008, ndipo mlendo akamalowa m'dzikomo amamulanda jumbo pachipata pomwepo. Kenya analetsa mu Ogasiti 2017, chilango chake n'kufika zaka 4 m'ndende. Tanzania anatsatira mu Juni 2019. Ife malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana mamaikironi 60, tinawakhazikitsa mu 2015. Tinawatsogolera Kenya ndi Tanzania! Koma makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti kukatenga chiletso, ndipo ngakhale bwalo lalikulu la apilo linagamula mu Julaye 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, ziletso zina zinatulukanso, chino chikatha china n'kubwera, mpaka zaka pafupifupi 10 zinathera m'makhoti.

Zotsatira zake simufunika lipoti kuti muzione. Imani pa mlatho wa mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena wa Lilongwe pafupi ndi msika mvula yoyamba ikagwa. Madzi sawoneka. Chimene chimayenda ndi majumbo abuluu, ena atakola m'mabango n'kumapepheruka ngati mbendera, ena atatseka ngalande mpaka madzi n'kulowa m'mashopu. Pamsika tomato wa mulu umodzi jumbo lake, bonya jumbo lake, tchipisi chotentha chimathiridwa m'jumbo momwemo. Funsani opha mbuzi zimene amapeza akang'amba chifu. Ndikudziwa kuti makhoti si a unduna wanu. Koma bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa, lili pansi panu, ndipo mafakitale opanga majumbowa ndi owerengeka, malo awo ndi odziwika. Kulondera zipata za mafakitale ochepa ndi malire a dziko n'kosavuta kuposa kuthamangitsana ndi amayi ogulitsa mandasi. MEPA ipatseni anthu, galimoto ndi mafuta, ndipo kampani ikatsekedwa tiuzeni dzina lake, tsiku lake, ndi chifukwa chimene mwaitsegulira ikatsegulidwanso.

Koma bala lalikulu ndi mitengo. Mu 2016 dziko lathu linalonjeza pamaso pa mayiko kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka. Amenewo ndi pafupifupi theka la mtunda wonse wa Malawi. Chaka cha 2030 chili pakhomo. Tabwezeretsa angati? Ali kuti, m'boma liti, pansi pa mfumu iti? Chimene timamva chaka chilichonse, nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, ndi kuchuluka kwa mbande zimene zidzalidwe. Akuluakulu amafika, amagwira khasu latsopano, ana asukulu amaimba, atolankhani amajambula. Ikafika Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mbuzi zitamasulidwa, moto wa osaka mbewa utadutsa, palibe amene amabwerera pamalopo kukawerenga yomwe yatsala. Mbande imene yafa mu Ogasiti imawerengedwabe m'malipoti ngati mtengo.

Taonani Niger. Ndi dziko losauka ngati ife, louma kuposa ife, chipululu cha Sahara chili pakhomo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi a m'chigawo cha Maradi ndi Zinder anasiya kuzula ndi kutentha zitsa m'minda. Chitsa chikaphukira, amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zinazo n'kusadza, n'kumaziteteza ku ziweto. Popeza mizu ilipo kale pansi, mtengo umakula msanga ndipo suvutika ndi chilala monga imavutikira mbande ya m'chubu. Mwa njira imeneyi anabwezeretsa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni, popanda nazale zodula. Chimene chinathandiza kwambiri n'chakuti mlimi anayamba kuona mtengo wa m'munda mwake ngati wake, woti akhoza kudulako nthambi kapena kugulitsa popanda kuopa wa nkhalango. Ndipo mtengo umene unadzaza minda yawo, womwe iwo amati gao, ndi nsangu wathu yemweyu wa ku Salima ndi m'zigwa za m'mbali mwa nyanja, uja amayoyola masamba nthawi ya dzinja chimanga n'kumakula chobiriwira pansi pake. Nkhalango zathu za mombo, tsamba ndi msuku nazo zimaphukira bwino kuchokera ku zitsa zikangosiyidwa pa mtendere. Alipo midzi ndi mabungwe amene akuchita kale zimenezi kuno kwathu, ndipo mapiri awo aang'ono ayamba kuvalanso. Bwanji osatenga gawo lalikulu la ndalama za machubu ndi miyambo yotsegulira n'kulipereka kwa makomiti a m'midzi amene akuteteza zitsa ndi kulambula njira zotchinga moto?

Sindinganene za mitengo n'kulumpha makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zokhala ndi magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100. Lamulo la nkhalango tinalikhwimitsa mu 2020. Ku Dzalanyama, komwe kumachokera madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa, tinafika potumiza asilikali mu 2015. Ndondomeko ya makala ya zaka 10 tinalemba mu 2017. Mapepala tili nawo okwanira.

Tulukani m'mamawa kukali chisisira pa msewu uliwonse wolowa m'tauni. Muona bambo akukankha njinga pa chitunda, matumba atatu atamangidwa kumbuyo, lililonse litawonjezeredwa chisoti cha udzu ndi luzi pamwamba kuti lioneke lalitali, malaya ali chonyowa ndi thukuta, nkhope yakuda ndi fumbi la makala, patapata atatha ku chidendene. Wayenda usiku wonse. Ameneyu ndiye timamulanda njinga. Koma malole amene amanyamula matumba mazanamazana amafika m'misika ya m'tauni tsiku lililonse, ndipo sauluka m'mwamba, amadutsa pa misewu yomweyi yokhala ndi zipata. Ogula ndife a m'tauni, kuphatikizapo ife amene tili ndi magetsi m'nyumba, chifukwa magetsi amazima ndipo gasi ndi silinda yake mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Ngati mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire alibe china chophikira nyemba, makala apsa ndithu, kaya kubwere asilikali angati. Choncho ntchito yanu ili pawiri: kufufuza eni malole ndi amene amawatsegulira njira, komanso kukhala pansi ndi nduna ya zachuma ndi ya zamagetsi kuti gasi, mabriketi, makala a nsungwi ndi a mitengo yodzala mwachilolezo, ndi mbaula zosawononga nkhuni zifike pa mtengo umene mayi uja angathe.

Mudzati ndalama kulibe. Costa Rica, dziko laling'ono la ku Central America, nkhalango zake zinatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a dzikolo m'zaka za m'ma 1980. Kuyambira 1997 anayamba kutenga gawo la msonkho wa mafuta a galimoto n'kumalipira eni malo amene akusunga nkhalango, ndipo lero mitengo yaphimba kuposa theka la dziko. Nafenso tinayambitsa msonkho wa kaboni pa galimoto mu 2019. Amalawi akulipira. Tiuzeni, a Nduna, ndalama zimenezo zakwana zingati kuchokera nthawi imeneyo, ndipo zingati zafika kwa mlonda wa nkhalango amene akulondera phiri lathunthu wapansi, wopanda ngakhale nsapato zabwino.

Zotayika ndi zambiri. Chikangawa, nkhalango yodzala ya mahekitala 53,000 yomwe inali m'gulu la zikuluzikulu mu Africa, mbali yaikulu inasanduka zitsa ndi udzu. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ofufuza mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse, phiri lomwelo limene UNESCO yaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2025. Matope ochokera m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo amadzaza Shire mpaka makina a ku Nkula kulephera kupanga magetsi okwanira. Ndipo pali china chowawa kuchinena. Mvula ya Freddy sitinaiitane ndife, koma phiri la Soche linali litavulidwa kale pamene matope ndi miyala zinatsikira pa anthu a ku Chilobwe. Amene anamanga pamenepo anamanga chifukwa chosowa malo, mlandu suli pa iwo. Uli pa maboma otsatizana amene anaona mitengo ikutha ndi nyumba zikukwera phiri, osachitapo kanthu. Tikamafuna kuti mayiko olemera avomere mbali yawo, nafenso tivomere yathu.

Sindikunena kuti palibe chimene tachita bwino. Pa nyama zakutchire tawaposa ambiri. Majete inali itatheratu nyama pamene boma linagwirizana ndi bungwe losamalira malo osungira nyama la African Parks mu 2003, lero muli njovu, zipembere ndi mikango. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo lamulo la 2017 linakweza chilango cha ozembetsa minyanga kufika zaka 30. Chinasiyana n'chiyani? Kumeneko nyama zimawerengedwa, alonda amalipidwa, mlandu umafika kukhoti n'kutha, ndipo pali munthu woyankha chiwerengero chikatsika. Zimenezi n'zimene zikusowa ku nkhalango ndi ku majumbo, ndipo anachita ndi Amalawi omwewa.

Mu 2021 tinalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi 51 peresenti pofika 2040, kuyerekeza ndi mmene ukanakhalira tikanangolekerera: 6 peresenti ndi mphamvu zathu, 45 peresenti ngati tathandizidwa. Amene tikuwapempha thandizolo amayendera dziko lino, amaona mapiri athu ndi mitsinje yathu. Nthumwi imene ingaonetse mahekitala amene aphukiradi imamveka mosiyana ndi imene yangonyamula chiwerengero cha mbande.

Pempho langa lalikulu nali. Okutobala aliyense, musanakwere ndege kupita ku COP, tulutsani lipoti m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, liwerengedwe pa wailesi: boma lililonse linadzala mitengo ingati, yapulumuka ingati, mahekitala angati atetezedwa kuti aphukire, malole angati a makala agwidwa ndipo milandu yake yatha bwanji, mafakitale angati a majumbo ayenderedwa, ndipo msonkho wa kaboni wagwira ntchito yanji. Owerenga mitengoyo asakhale okhawo amene anaidzala. Muitane mafumu, ophunzira a ku LUANAR ndi Mzuzu University, ndi atolankhani apite nawo. Yambani ndi mitengo ya nyengo yapitayi, ikadali pomwe inadzalidwa.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika yokhala ku Blantyre