Achimwene, za Chisanu cha ku Joni ndi Mayunitsi Anu

Nchalo, Chikwawa

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri. Zandikhudza kumva kuti mayunitsi a magetsi amene munagula kuti akufikitseni kumapeto kwa mwezi atha pa sabata imodzi ndi theka. Ndati ndikhale pansi ndilembe mofatsa, poti zaka zinayi zimene ndinakhala kumeneko zinandiphunzitsa zomwe palibe anandiuza nditatsika basi pa depoti ya Park Station ku Joniko.

Kuno tili bwino. Nzimbe zikudulidwa, ndipo madzulo kumwamba kumafiira ndi moto wa m'minda. Chisanu chathu mukuchidziwa: kamphepo kochokera ku Shire mbandakucha, agogo kuwothera dzuwa pakhonde, ikamati 9 koloko juzi yavulidwa kale. Ife ana a kuchigwa tinakulira m'kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40, kugona panja pamkeka. Matupi athu sanazolowere kuzizira. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, pomwe Nsanje sifika ngakhale mamita 100. N'chifukwa chake dzuwa likangolowa kumeneko, kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Mu Julayi 2023 kunagwa mpaka chipale chofewa.

Tsono wakudyerani mayunitsi ndi hita yanuyo. Itembenuzeni muwerenge zolembedwa kunsi kwake. Mukapeza 2000W, ndiye kuti ola lililonse ikumeza mayunitsi awiri. Mukaiyatsa 6 koloko madzulo n'kuizimitsa 11 koloko, apita 10. Pamwezi ndi 300, musanaphike, musanasite. Chowawa n'chakuti kutentha kumene mwagulako kumakwera m'mwamba n'kutulukira kumalata, inu mukugonabe ndi mapazi ozizira.

Ine ndinazindikira mochedwa kuti chofunika kutenthetsa ndi thupi, osati nyumba yonse. Bulangete lamagetsi la bedi la munthu mmodzi silipitirira mawati 100. Ngakhale litayaka usiku wonse silimaliza yuniti imodzi. Ine ndinkaliyatsa ndikamadya nsima, pogona n'kulizimitsa. Mukagula lakaunjika muyang'anitsitse chingwe chake, ndipo musamalipinde lili choyaka. Ndalama ikavuta, gulani botolo lamphira lija lothiramo madzi otentha, mulikulunge m'chitenje n'kuliika kumapazi. Ketulo imadya magetsi kwa mphindi zochepa chabe, koma botololo limafunda mpaka pakati pa usiku. Chipewa chaubweya ndi masokosi musachite nazo manyazi, ndipo malaya opepuka awiri kapena atatu ovala mosanjikiza amafunditsa kuposa jekete limodzi lolemera.

Kenako sakani molowera mphepo. Usiku nyowetsani dzanja, muliyendetse m'mbali mwa chitseko ndi mazenera, mudzamva nokha pomwe ikuwomba. Pansi pa chitseko ikani chiguduli chopindapinda, m'ming'alu tsekani ndi nyuzipepala. Ngati matiresi ali pansi, yalani makatoni kaye, chifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Zenera loyang'ana kumpoto ndiye chuma chanu m'miyezi ino, pakuti dzuwa limadzera mbali imeneyo. Masana katani ikhale yotsegula, dzuwa likamapendeka mutseke, ndipo ngati ndi yopyapyala mupachikepo bulangete lakale.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mawu amene munamalizira, akuti mukuganiza zogula mbaula. Chonde achimwene, mbaula isagone m'chipinda. Chaka changa choyamba, magetsi atatithera, ine ndi mnzanga amene tinkakhala naye tinalowetsa mbaula. Makala anali atayaka bwino, ofiira psuu, opanda utsi ngakhale pang'ono. Tinatseka chitseko ndi zenera, tikusangalala kuti lero tigona ngati kwathu. Ndinadzidzimuka usiku mutu ukuwawa ngati ung'ambika. Nditati ndidzuke, miyendo inakana. Ndinakwawa mpaka pachitseko, n'kusanzira pakhomo pomwepo. Mnzanga uja sankayankha. Mayi ena oyandikana nafe ndi amene anamukokera panja, ndipo anatsitsimukira kuchipatala.

Adokotala anatifotokozera kuti makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, ndipo umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu n'kutsirizika ali m'tulo. Kwathu kuno timawotha moto pabwalo kapena m'khitchini yaudzu momwe mphepo imadutsa, n'chifukwa chake sitiuopa. Hita yapalafini nayo imafuna zenera lotsegula pang'ono, kutali ndi makatani ndi zofunda, ndipo izimitsidwe musanagone. Dziwaninso kuti mukatseka ming'alu monga ndakuuzani, ngozi ya makala m'chipindamo imakulirakulira.

Mayi anu ndinawaona Loweruka pamsika wa Nchalo, ali bwino, akungodandaula za bondo lija. Za mbaulazi sindinawauze, angasowe tulo. Ndikapeza munthu wokwera basi ndikupatsirani milamba yowamba ndi ufa wamapira kuti muziphika phala m'mawa musanapite kuntchito. Mukawerenga zolembedwa kunsi kwa hita ija, munditumizire chithunzi chake, tiwerengetsere limodzi maola amene mungaiyatse osakhudza ndalama ya lendi.

Ndine mnzanu,
wa ku Nchalo