Khoti limafunsa za mwana, ankhoswe amafunsa za mwini mwana

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za mmene timagamulira nkhani ya ana banja likatha, chifukwa ndaona kuti ambiri mwa ife timaiweruza potsata mwambo kapena poona thumba la munthu, pomwe lamulo la dziko lino linanena kale china.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga, mayi wa ana atatu, anasiyana ndi mwamuna wake atakhala limodzi zaka 11. Sukulu zitatsekera, bambowo anabwera kudzatenga ana awiri akuluakulu ponena kuti akukawagulira yunifolomu ku tauni, ndipo sanawabwezenso. Wamng'ono wa zaka 4 ankakhala pakhonde madzulo aliwonse kuyang'ana kumsewu, n'kumafunsa kuti achimwene ake abwera liti. Ankhoswe atakhala pansi, a kuchimuna anati ana apite kumene kuli ndalama ya fizi, pomwe malume a mayiyo anaumirira kuti kwathu kuno mkamwini ndi mlendo, sachoka ndi mbumba ya eni mudzi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zofunsa anawo.

Sindikunyoza mwambo, chifukwa ankhoswe apulumutsa mabanja ambiri. Koma mwambo wathu suli umodzi: ku Dedza kapena ku Zomba ana amawerengedwa kuchikazi, pomwe ku Mzimba ndi ku Nsanje, kumene amapereka malowolo, amawerengedwa kuchimuna, ndipo konseko funso limakhala lakuti mwana ndi wa ndani. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limafunsa funso lina, lakuti chimene chingamukomere mwanayo n'chiyani. Limalola bambo, mayi, ngakhalenso wachibale kupempha khoti la ana kuti limupatse udindo wosunga mwana, ndipo woweruza amayenera kuona msinkhu wa mwanayo ndi kufunika koti wamng'ono akhale pafupi ndi mayi ake, kumva maganizo a mwana mwiniwake, komanso kuyesetsa kuti ana a mimba imodzi asabalalitsidwe. Kholo limene silikukhala ndi ana lili ndi ufulu wopempha nthawi yowaona, ndipo limakhalabe ndi udindo wowathandiza molingana ndi zimene limapeza. Kulemera kwa bambo, choncho, ndi chifukwa choti apereke chithandizo chokwanira, osati chifukwa chowalandira ana kwa mayi awo. Abambo nawonso amve bwino apa, popeza alipo ambiri kuchikamwini amene amathamangitsidwa ndi bulangete lokha n'kuletsedwa kuponda pakhomo pomwe pali ana awo: lamulo lomweli likuwateteza.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mwana wa mchemwali wangayo anakhala miyezi isanu akulira m'nyumba poganiza kuti kukhoti kumapita anthu okhala ndi loya, ndiponso kuti popeza sanadalitse ukwati kutchalitchi palibe amene angamumvere. Sankadziwa kuti lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera 5 khoti likakhutira nawo, ndiponso kuti udindo wa kholo pa mwana sudalira chikalata cha ukwati. Atalimba mtima n'kupita ku boma, ofesi yoyamba inamuuza kuti abwere mawa, mawalo anapeza bwana ali ku msonkhano, ndipo ulendo uliwonse unkadya ndalama ya kabaza imene anaipeza atagulitsa nkhuku. Amene anamutsegula maso ndi mayi wina wogulitsa naye tomato pamsika, yemwe anamulozera ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Pamapeto pake khoti linalamula kuti ana onse atatu akhale pamodzi kwa mayi awo, bambo aziwatenga pa tchuthi ndi kupereka ndalama mwezi ndi mwezi, koma wamkuluyo anali atataya kale teremu yathunthu ya sukulu.

Pempho langa likupita kwa a Legal Aid Bureau, a zachisamaliro cha anthu m'maboma ndi apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa, kuti asamangodikira anthu m'maofesi koma azifika pa misonkhano ya mafumu ndi pa maphunziro a ankhoswe m'mipingo ndi m'mizikiti, chifukwa nkhani zambiri zimathera pamenepo osafika kwa majisitireti. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti mutipezere loya woti aziyankha mafunso a makolo m'Chichewa patsamba lino, ngakhale kamodzi pamwezi, kuyambira ndi funso lakuti munthu amayambira khomo liti ana ake akatengedwa.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza